Wasiya Ikasiya Ena Panja: Kodi Womanidwa Chuma cha Masiye Achite Chiyani?

Tithokoze Allah amene watisunga ndi moyo natifikitsa pa tsiku lina la Jumu'ah. Mtendere ndi madalitso zipite kwa Mtumiki wathu Muhammad, akubanja kwake, Maswahaba ake ndi onse otsatira njira yake.

Abale ndi alongo olemekezeka, kuno kumunsi kwa mapiri a Dedza, kuchokera ku Golomoti kudzera pa Mua mpaka ku Mtakataka ndi m'midzi ya m'mbali mwa nyanja, maliro ambiri sathera kumanda. Dothi la pamtumbira lisanaume, anthu amakhala atayamba kale kuwerenga ng'ombe za m'khola, matumba a mpunga, bwato ndi makoka ake, chigayo, ngolo ndi nyumba ya malata ya pamsika. Kenako wina amatulutsa pepala nkunena kuti malemu adalemba wasiya, imene ambiri timaitcha wilo. Pepalalo likawerengedwa pamapezeka kuti mkazi wamkulu sadatchulidwe, ana aakazi palibe, kapena chuma chonse chapita kwa mwana wa mlongo wa malemu. Omanidwa aja amauzidwa kuti mawu a munthu wakufa satsutsidwa, ndipo amachoka ndi misozi.

Nkhani yathu lero ndi yakuti wasiya yopondereza si mawu otsiriza. Chipembedzo chathu ndi malamulo a dziko lino, zonse ziwiri, zidampatsa womanidwa khomo loti agogodepo. Tifotokoza khomolo, ndi m'mene munthu woopa Allah ayenera kulowera.

Dandaulo la mayi wamasiye wa ku Madina

Kulanda chuma cha masiye sikudayambe lero. M'chaka cha 3 cha Hijra, chomwe ndi 625, Swahaba wina dzina lake Sa'd ibn Rabi' adaphedwa pa nkhondo ya Uhud. Adasiya mkazi ndi ana aakazi awiri. M'bale wake wa Sa'd adatenga chuma chonse monga mwa mwambo wa Aarabu a nthawi imeneyo, omwe sankawerengera akazi ndi ana aang'ono pa chuma cha masiye. Mayi uja sadangokhala m'nyumba nkumalira. Adawagwira ana ake pamkono napita nawo kwa Mtumiki (SAW) kukadandaula. Pambuyo pake zidavumbulutsidwa ndime za magawo zomwe zili mu Surat An-Nisaa, ndipo Mtumiki (SAW) adatumiza uthenga kwa m'bale uja kuti apereke magawo awiri mwa atatu (2/3) kwa atsikanawo, gawo limodzi mwa magawo asanu ndi atatu (1/8) kwa mayi wawo, ndipo chotsala chikhale chake.

Tione zinthu ziwiri pamenepa. Choyamba, mayiyo sadadzudzulidwe kuti ndi wokonda chuma kapena kuti wanyoza akuchimuna. Kudandaula kwake kudali koyenera. Chachiwiri, m'bale wolanda uja sadathamangitsidwe chimanjamanja: adalandira chomwe chidali chakedi. Cholinga cha dandaulo si kubwezera, koma kubwezeretsa aliyense pa gawo lake.

Malire a wasiya m'Chisilamu

Ambiri timaganiza kuti popeza chuma ndidachipeza ndi thukuta langa, ndingachipereke kwa yemwe ndafuna. Izi ndi zoona munthu ali moyo ndi wathanzi, ngakhale apo pomwe chilungamo pakati pa ana chimafunika. Tikudziwa kuti Mtumiki (SAW) adakana kukhala mboni pamene bambo ake a Nu'man ibn Bashir adafuna kupereka mphatso kwa mwana mmodzi yekha kusiya anzake. Koma munthu akamwalira, chuma chimatsata ndondomeko yomwe iye sangaisinthe ndi cholembera.

Ndondomekoyo ili motere. Poyamba pachotsedwe zofunika pa maliro, monga sanda ndi kukumba manda, popanda kuwononga. Kachiwiri pabwezedwe ngongole zonse, ndipo mahari omwe malemu sadamalize kupereka kwa mkazi wake ndi ngongole ndithu. Kachitatu ikwaniritsidwe wasiya. Kachinayi, chotsala chigawidwe kwa eni magawo omwe atchulidwa mu Surat An-Nisaa ndime 11, 12 ndi 176.

Wasiyayo ili ndi mipanda iwiri. Mpanda woyamba ndi wakuti isapitirire gawo limodzi mwa magawo atatu (1/3) a chuma chotsala ngongole zitabwezedwa. Sa'd ibn Abi Waqqas atadwala kwambiri ku Makka, ali ndi mwana wamkazi mmodzi yekha, adafuna kupereka magawo awiri mwa atatu a chuma chake ngati sadaka. Mtumiki (SAW) adamukaniza. Adapempha theka, adamukanizanso. Adamulola gawo limodzi mwa atatu lokha, namuuza kuti ngakhale limenelo ndi lambiri, chifukwa kusiya ana ali ndi pogwira n'kwabwino kuposa kuwasiya akupemphetsa. Mpanda wachiwiri ndi wakuti munthu yemwe ali kale ndi gawo lake, monga mwana, mkazi kapena kholo, salemberedwa wasiya yomuonjezera, pokhapokha eni magawo anzake atavomereza mwini chuma atamwalira.

Pa kuvomereza kumeneku tichenjere. Wovomereza akhale wamkulu, wanzeru zake, wosaopsezedwa, ndipo akupereka kuchokera pa gawo lake lokha. Palibe malume, nkhoswe kapena mayi amene angavomereze m'malo mwa mwana wamasiye wamng'ono kuti gawo lake lichepe. Ndime 10 ya Surat An-Nisaa ikuyerekeza kudya chuma cha ana amasiye mopanda chilungamo ndi kudzaza moto m'mimba.

Choncho wasiya yonena kuti mwana wakutiwakuti asalandire kanthu chifukwa adandinyoza, kapena kuti ana aakazi asalandire chifukwa adzakwatiwa, ilibe mphamvu m'Shariya. Gawo la mwana adampatsa ndi Allah, si bambo wake.

Kodi kukonza wasiya si tchimo?

Ena amaopa chifukwa adamva kuti kusintha wasiya ndi tchimo. Zoonadi, ndime 181 ya Surat Al-Baqarah ikuika tchimo pa yemwe wasintha wasiya ataimva. Koma ndime yotsatira, ya 182, ikuchotsa tchimo pa munthu amene waona kukondera kapena kulakwa kwa wolemba wasiya nayanjanitsa anthuwo. Kusintha wasiya yolungama mwachinyengo ndi tchimo. Kuwongola wasiya yokhota poyera, pamaso pa eni ake, ndi ntchito yabwino. Ndiponso ndi chifundo kwa malemu, pakuti kupondereza komwe adakusiya papepala kukachotsedwa, katundu wake wa tsiku la chiweruzo amapepuka.

Tiyerekeze ndi mlimi wa mpunga wa ku sikimu ya Bwanje amene wamwalira nasiya chuma chokwana K3,900,000. Wasiya mkazi mmodzi, mayi ake omubereka, mwana wamwamuna mmodzi ndi ana aakazi awiri. M'wasiya adalemba kuti K2,000,000 ipite kwa mwana wa mlongo wake. Za maliro ndi ngongole zatenga K300,000, ndiye patsala K3,600,000. Gawo limodzi mwa atatu la ndalama imeneyi ndi K1,200,000, ndipo mwana wa mlongo uja sangapitirire apa. Wasiya siitayidwa yonse, imangodulidwa. Pa K2,400,000 yotsala, mkazi alandira 1/8, yomwe ndi K300,000. Mayi ake a malemu alandira 1/6, yomwe ndi K400,000. Yotsala K1,700,000 igawidwa panayi: mwana wamwamuna K850,000, ndipo ana aakazi K425,000 aliyense. Malemu akadakhala ndi akazi awiri, onse awiri akadagawana K300,000 ija mofanana.

Tisaiwale kuti kuwerenga kusanayambe, chuma cha mkazi chipatulidwe. Mbuzi zomwe adagula ndi ndalama za geni yake ndi zake. Ngati chigayo adagula pamodzi ndi mwamuna wake, mbali yake ichotsedwe kaye, chifukwa chuma cha masiye ndi chokhacho chomwe chidali cha malemu.

Zomwe malamulo a Malawi akunena

Makhoti a dziko lino saweruza nkhani za chuma cha masiye potsata Shariya. Amatsata lamulo la Deceased Estates Act la chaka cha 2011, lomwe lidalowa m'malo mwa lamulo lakale la 1967. Pamwamba pa lamuloli pali Malamulo Oyendetsera Dziko a 1994, omwe ndime 23 yake ikuti ana onse ndi ofanana pamaso pa lamulo posatengera m'mene adabadwira, ndipo ndime 24 ikuteteza amayi kuti asalandidwe katundu, kuphatikizapo wa masiye. Lamulo la maukwati la 2015 limazindikira ukwati wa chipembedzo, choncho mayi wokwatiwa pa nikah ndi mkazi wa malemu pamaso pa khoti.

Munthu angatsutse wilo kukhoti pa zifukwa zingapo. Choyamba ndi kalembedwe kake: wilo iyenera kukhala yolembedwa, yosainidwa ndi mwini wake pamaso pa mboni zosachepera ziwiri, ndipo mbonizo zisainenso. Mawu omwe wina akuti adauzidwa yekha usiku m'chipatala sakwanira. Chachiwiri ndi nzeru za wolemba: akhale wa zaka 18 kapena kuposera, ndipo mutu wake ukhale ukugwira bwino pa nthawi yolemba. Munthu yemwe sankazindikiranso ana ake sangakhale kuti adagawa chuma mozindikira. Chachitatu ndi kukakamizidwa kapena chinyengo, monga kumugwira dzanja wodwala kuti adinde chala pa pepala lomwe sadaliwerenge, kapena kupeka siginecha yake. Chachinayi ndi kupezeka kwa wilo ina yomwe idalembedwa pambuyo pake. Chachisanu ndi pamene wilo yagawa katundu yemwe sadali wa malemu, monga katundu wa mkazi wake kapena munda wa makolo womwe ndi wa mbumba yonse.

Palinso chifukwa china chomwe ambiri sachidziwa. Ngakhale wilo italembedwa bwinobwino, mkazi, mwamuna kapena mwana wa malemu amene wasiyidwa panja, kapena wapatsidwa zosakwanira, angapemphe khoti kuti limupatse gawo loyenera kuchokera pa chumacho. Khoti limayang'ana kukula kwa chuma, zosowa za wodandaula ndi zomwe malemu adamchitira ali moyo, ndiye nkulamula.

Wilo ikathetsedwa, kapena ngati sidalembedwe nkomwe, chuma chimagawidwa motsata ndime 17 ya lamulo la 2011. Apa oyamba ndi mkazi kapena mwamuna wa malemu ndi ana ake, pamodzi ndi omwe ankadalira malemu, monga makolo ake ndi ana aang'ono omwe iye ankawalipirira sukulu. Wamasiye amasunga katundu wa m'nyumba. Lamulo lakale linkapereka mbali ya chuma kwa olowa m'malo a mwambo, koma la 2011 lidachotsa zimenezo. Izi zikutikhudza kwambiri ife a kuno, kumene mabanja ambiri amatsata mbumba ndipo mwana wa mlongo ankaonedwa ngati woyenera kulowa m'malo mwa malume ake. Lero, malemu akasiya mkazi ndi ana, abale ake ndi ana a alongo ake sangabwere ndi ngolo kudzanyamula katundu ponamizira mwambo. Kulanda chuma cha masiye kudakhala mlandu mu 1998, ndipo pansi pa lamulo la 2011 wolanda angathe kukakhala kundende mpaka zaka 10 ndi kulamulidwa kubweza zomwe adatenga.

Njira yoyenera kuitsata

Womanidwa ayambe ndi kudekha, koma asagone. Apemphe kuona wilo ndi maso ake, aone tsiku lomwe idalembedwa ndi mayina a mboni. Alembe mndandanda wa katundu yense pamaso pa akuluakulu a mbali zonse ziwiri, ng'ombe zisanayambe kusowa m'khola. Asonkhanitse zikalata: chiphaso cha imfa, chiphaso cha nikah, ziphaso za kubadwa kwa ana, malisiti ogulira katundu, ndi buku la kuchipatala la malemu ngati nkhani ndi ya nzeru zake.

Kenako nkhani ipite pabwalo la banja, pali ankhoswe, Shehe wodziwa za magawo, ndi amfumu ngati kutafunika. Makolo adati chibale ndi fupa, sichiwola. Mkangano wotha pamphasa umasunga ndalama ndiponso umasunga ubale, pakuti ulendo wokwera Khwekhwerere kupita ku boma la Dedza, kapena wa ku Lilongwe, umadya chuma chomwe tikukanganiranacho. Zomwe mwagwirizana zilembedwe ndi kusainidwa ndi onse.

Zikakanika, womanidwa apite kwa aboma popanda manyazi. Angayambire ku ofesi ya DC, ku ofesi ya Administrator General, kapena ku khoti la majisitireti lomwe lili pafupi naye, lomwe limamva nkhani za chuma chochepa. Nkhani za chuma chambiri zimapita ku khoti lalikulu, lomwe kuyambira pa kusintha kwa malamulo kwa 2016 lili ndi nthambi yoona za mabanja ndi chuma cha masiye. Wosowa ndalama za loya apemphe thandizo ku Legal Aid Bureau. Ngati pali kuopsezana kapena katundu akunyamulidwa mokakamiza, akanene kupolisi, ku nthambi yothandiza ozunzidwa. Tidziwe kuti wosankhidwa kuyendetsa wilo amayenera kutenga chilolezo kukhoti, ndipo nthawi yabwino yokapereka chitsutso ndi chilolezocho chisanatuluke.

Timakonda kunena kuti mlandu suwola. Koma umboni umawola, mboni zimamwalira, ndipo makhoti sakondwera ndi wodandaula wochedwa. Ambiri a ife tili ndi abale ku Joni, ndipo tidamva za Nelson Mandela amene adamwalira mu Disembala 2013. Wilo yake itawerengedwa mu Febuluwale 2014, Winnie Madikizela-Mandela, yemwe ukwati wawo udatha mu 1996, sadatchulidwemo. Adapita kukhoti kufuna nyumba ya ku Qunu, koma adagonja mu 2016, ndipo apilo yake idakanidwa mu Januwale 2018. Chifukwa chachikulu chidali chakuti adadikira zaka zambiri asanatsutse m'mene malowo adaperekedwera kwa Mandela mu 1997. Ngati kuchedwa kudagwetsa munthu wotchuka wokhala ndi maloya, nanga mayi wamasiye wa kumudzi?

Chenjezo kwa wodandaula

Khomo la khoti ndi lotseguka, koma Msilamu alowemo ndi mantha a Allah. Ndime 188 ya Surat Al-Baqarah ikuletsa kugwiritsa ntchito oweruza pofuna kudya chuma cha ena uku tikudziwa kuti si chathu. Mtumiki (SAW) adawachenjeza Maswahaba ake kuti wina angapambane mlandu chifukwa cha kuthwa lilime, koma chomwe walandira mopanda chilungamo ndi chidutswa cha moto. Lamulo la boma ndi Shariya sizifanana pa magawo onse. Zingachitike kuti khoti likupatseni zoposa gawo lomwe Allah adakuikirani. Zikatero, funsani mtima wanu ndi odziwa chipembedzo, ndipo musaope kubwezera abale anu chomwe chili chawo.

Komanso si aliyense wosatchulidwa amene wamanidwa. M'bale wa malemu alibe gawo ngati malemu wasiya mwana wamwamuna. Mwana wa mlongo si mwini gawo pamene ana a malemu alipo. Komabe ndime 8 ya Surat An-Nisaa ikutilimbikitsa kuti achibale, ana amasiye ndi osauka omwe alipo pa nthawi yogawa tiwapatseko kanthu ndi kuwayankhula mokoma. Thumba limodzi la mpunga loperekedwa ndi nkhope yowala limatseka milomo yambiri.

Kwa ife amene tikadali moyo

Mikangano yambiri ya chuma cha masiye amaibzala ndi mwini chuma. Hadith ya Ibn Umar ikutiphunzitsa kuti Msilamu yemwe ali ndi choti alawire asagone masiku awiri wasiya yake isanalembedwe. Kuno kwathu pali chifukwa china chapadera: tikamwalira osalemba, khoti lidzagawa motsata ndime 17, osati Surat An-Nisaa. Wofuna kuti chuma chake chidzagawidwe mwa Chisilamu alembe zimenezo momveka, atchule akazi ake onse ndi ana ake onse, ngongole zake ndi omwe ali naye ngongole, ndipo asankhe munthu wokhulupirika wodzayendetsa. Mboni zikhale anthu olungama omwe sakupindula ndi wasiyayo. Pepala lisungidwe pamalo odziwika, ndipo banja liuzidwe mwini wake akadali ndi mphamvu zoyankha mafunso.

Gawo limodzi mwa atatu lija ndi chifundo chomwe tapatsidwa kuti tikumbukire omwe alibe magawo. Ndi m'menemo momwe tingaikemo mwana wa mlongo amene adatiweta ng'ombe zaka zonse, mwana amene tidamulera ngati wathu, zidzukulu zomwe bambo wawo adatsogola, mayi kapena m'bale wathu wa chipembedzo china, popeza kuno Asilamu ndi Akhristu tili m'mabanja amodzi. Bambo yemwe ali ndi mwana wobadwa kunja kwa ukwati adziwe kuti khoti limamuwerenga mwanayo ngati mwana wina aliyense. Kubisa sikuthandiza. Amukonzere pogwira akadali moyo kapena kudzera m'gawo limeneli, kuti ana ake asadzaonane koyamba pakhomo la khoti.

Abale ndi alongo, chuma chonse chomwe tikukanganirana chidzatsala, monga chidamtsalira yemwe adachisiya. Amene wamanidwa afunefune gawo lake mwaulemu ndi molimba mtima. Amene wagwira chuma cha mnzake abweze lero, lisanafike tsiku lomwe malipiro adzakhala ntchito zake zabwino. Ndipo ife Mashehe, ankhoswe ndi mafumu, mayi wamasiye akabwera ndi ana ake pamkono, timulandire monga adalandiridwira mkazi wa Sa'd ibn Rabi'.

Tikupempha Allah kuti awakhululukire abale athu omwe adatsogola, ateteze ana amasiye ndi amayi awo, ayanjanitse mitima ya mabanja omwe agawikana chifukwa cha chuma, ndipo atipatse mathero abwino. Ameen.